Mutu 7: Mchenga Wosasefa

1. Katsamba

Pa nsomba zonse zimene a Lalith, bambo ake a Imesha, ankagwira zamoyo n'kumatumiza ku mzinda waukulu wa Colombo, panali kena kamene amalume ake a mtsikanayu, a Piyasiri, ankakakonda ngati mwana wawo. Ankakatchula kuti katsamba.

Katsamba sikaposa chala kutalika, ndipo ukakaona m'madzi sungavomere kuti ndi nsomba. Kamakhala kofiirira kapena kobiriwira, ka madontho oyera, zipsepse zili ngati nsanza, pamutu pali tinyanga tiwiri tofewa. Sikasambira ngati zinzake. Kamangodzilekerera, kupendekera uku, kugudubukira uko, ngati tsamba lothothoka limene funde likulikankha. Nsomba zikuluzikulu zimakadutsa osakanunkhiza n'komwe.

A Lalith ndi alamu awo a Piyasiri anali atabira m'madzi limodzi pa matanthwe a kunyanja kwa zaka khumi ndi chimodzi. Lamulo lawo linali limodzi: munthu salowa pansi pa madzi yekha. A Piyasiri ndiwo anali ndi diso. Akaloza kachinyalala koyandama, a Lalith ankangotchera kaukonde osafunsa.

Amalumewa anali mlongo wawo wa mayi a Imesha, a Sriyani, ndipo ankagona m'kachipinda kogundana ndi chisakasa cha matanki a nsomba. Khutu lawo lamanzere linali logontha. Linaphulika ali mnyamata, pamene ankagwira ntchito m'maboti obira mozama a ku Kalmunai, kugombe la kum'mawa kwa dzikolo, ndipo adokotala anawauza kuti akadzatsikanso mozama choncho asadzabwerenso kudzawavutitsa.

Analinso ndi bala lina losaoneka. Zaka zinayi m'mbuyomo, mowa utawalowa kwambiri, anatengapo nsomba m'thanki n'kukagulitsa mobisa. Anapepesa, mowa anausiya, ndipo a Lalith anawakhululukira. Koma anthufe kukhululuka timakhululuka ndi pakamwa, nkhaniyo n'kuipinda bwinobwino kuisunga pansi pa bokosi.

Tsiku limene Imesha, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, anapatsidwa ntchito yotsuka thanki la tinsombati, amalume ake anamukhazika pa ndowa yovundikira n'kumuuza kuti:

"Iwe Imesha, ine ndimamva ndi khutu limodzi, iwe uli nawo awiri, ndiye usandibwerezetse. Kansomba aka kalibe ululu, kalibe liwiro, kalibe mbale wake wokamenyera nkhondo. Moyo wake wonse ndi kunamizira ndi kubisala. Kakaopa kamalowa mumchenga ndi mutu, kuphethira kamodzi kasowa. Kugonanso kamagona momwemo, ndipo kamadzuka mochedwa ngati mwana wa bwana. Ndiye ukaona thanki lili mbee, usanene kuti mulibe kanthu. Maso akunamiza. Tenga sefa iyi, ika m'beseni la madzi a m'nyanja, uzitapa mchenga ndi manja pang'onopang'ono mpaka utathe wonse. Werenga tinsomba tako, chiwerengero chikwane, ndiyeno ukataye mchengawo. Ukatayira kumtunda osasefa, kamafa osalira, osaphupha, iwe osadziwa kuti wapha. Wandimva?"

Imesha anati wamva, ndipo anafunsa ngati kamakhala kobisala choncho mpaka kukalamba.

"Ayi," anatero amalumewo akuseka. "Kubisala n'kwa ana. Kakakula tinyanga timachoka, nsanza zija zimatha, kamayenda poyera ngati nsomba yeniyeni. Kamapeza mnzake, n'kumagubuduza miyala awiriawiri. Wina akanyamula mwala ndi kamwa, mnzake amatola tizilombo ta pansi pake, kenako n'kusinthana. Ngati ine ndi bambo ako, kungoti bambo ako amakonda mbali yotola."

Atatero anapachika sefayo pa msomali, n'kumanga kachingwe kake mfundo yawoyawo ya asodzi imene Imesha ankavutika nayo kumasula.

2. Makombola asanalire

Chaka chatsopano, chimene kumeneko chimayamba mwezi wa Epulo, chinafika Lachisanu. Owerenga nyenyezi anali atalengeza kale pa wailesi kuti chaka chimenecho ntchito zonse ziime nthawi itangopitirira hafu pasiti eyiti m'mawa. Kuyambira pamenepo moto uzimitsidwe, tsache ligone, mpeni usagwiridwe, mpaka masana nthawi yabwino yoyatsa moto watsopano itakwana.

Madzulo a dzulo lake a Lalith anali atanena kuti chaka chisapeze mchenga wakale m'thanki la kumapeto. M'menemo munali titsamba tisanu ndi tinayi, timene iwo ndi alamu awo anatisaka kwa milungu itatu, ndipo lole ya ku Colombo inali kubwera kudzatitenga chikondwerero chikangotha. Anauza Imesha kuti alawirire ntchitoyo.

Kulawira analawira ndithu. M'bandakucha anathandiza amalume ake kumanga nkhanu zinayi n'kuziika m'ndowa yovindikira, zoti akapatse mnzawo wina amene ankadwala kutsidya kwa msewu. Amalume atanyamuka, Imesha anayang'ana chisakasa, n'kuyang'ananso ku mtengo wa mango wa kwa anzake, kumene anyamata anali atangomanga katungwe wa chaka chatsopano. Anati akangokwera kamodzi.

Katungwe sakwera kamodzi, aliyense amene anakhalapo mwana akudziwa. Pamene mayi ake ankamukuwira kuti nthawi yatha, panali patatsala mphindi makumi awiri zokha.

Imesha anathamangira m'chisakasa n'kutsegula potulukira madzi. Titsamba tiwiri tinali kuyandama, ndipo anatiwola ndi kaukonde n'kutiika m'beseni. Tinato sitinaoneke. Anayang'ana sefa pa msomali, n'kuyang'ana mchenga umene unali wokwana ndowa zitatu. Kusefa wonsewo ndi manja kukanatenga ola lathunthu.

"Mwina bambo anatisamutsira kwina usiku," anadziyankhulira. Iye mwini sanawakhulupirire mawu amenewa, koma anawagwiritsitsa chifukwa anali omuthandiza.

Anatenga fosholo. Anakokolola mchenga wonse, ndowa zitatu, n'kukaukhuthula kuseri kwa chisakasa pafupi ndi nthochi, pamene dzuwa limawomba tsiku lonse. Anathira mchenga watsopano, n'kudzaza madzi, n'kubwezeramo tinsomba tiwiri tija. Akupukuta manja, makombola anayamba kulira mudzi wonse kudziwitsa anthu kuti ntchito yaima.

Mayi ake anamuyamikira kuti ndi mwana wachangu. Sefa inali pa msomali pomwe paja, youma gwa.

3. Akhwangwala

Banja lonse linavala zoyera n'kupita kukachisi ndi maluwa. Imesha anagwada pamodzi ndi anzake, milomo ikutsatira mawu, koma mutu uli kuseri kwa chisakasa.

Pobwerera anasiya akuluakulu akucheza pamsewu, iye n'kutsogola. Asanafike n'komwe anamva phokoso la akhwangwala. Anali asanu, akulimbirana pa mulu wa mchenga uja, ndipo mmodzi anauluka ndi kanthu kobiriwira kukamwa.

Imesha anawagenda ndi chigoba cha kokonati, n'kugwada pa muluwo. Mchenga unali wotentha. Atapalasa ndi chala anakhudza kanthu kofewa. Kanali katsamba, maso ali phulusa, tinyanga titamatirira kumutu. Tsopano kanafananadi ndi tsamba louma.

Sanafune kupalasanso. Anakoka makwaule ouma a kokonati n'kuphimba mulu wonse, kenako anakasamba m'manja kawiri pachitsime.

Masana nthawi itakwana, a Sriyani anayatsa moto watsopano atayang'ana kumene wailesi inanena, ndipo mkaka unasefukira mumphika watsopano mbali zonse. Aliyense anati chaka chikhala cha mwayi. Kenako inafika nthawi yoti munthu aliyense agwire ntchito yake yoyamba ya chaka. Imesha anatsegula buku n'kuwerenga mzere umodzi umene sanaumve. Amalume anasoka diso limodzi la ukonde. A Lalith anatenga tinkhanu topondaponda n'kupita kukadyetsa titsamba tawo.

Anakhalitsa m'chisakasamo. Kenako anaitana Imesha ndi mawu otsika, ndipo a Piyasiri anabwera pambuyo pake ukonde uli m'manja.

A Lalith anali atapinda malaya atsopano, mkono uli m'madzi, zala zikuyenda mumchenga kuchokera ngodya iyi kufika ngodya iyo.

"Tili tiwiri," anatero. "Unapeza tingati m'mawa?"

"Tiwiri tomweto, bambo."

"Mchenga unasefa?"

Imesha akanatha kunena zoona pamenepo. Bambo ake akanakalipa, mwina akanamuletsa katungwe ndi masewero onse a sabata imeneyo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma linali tsiku la chaka chatsopano, mayi anali atamutcha mwana wachangu, ndipo amalume anali chiimire pakhomo.

"Ndinasefa, bambo. Munalibe kanthu."

A Lalith anagwedeza mutu. Mwana wawo anali asanawanamizepo, choncho sanafunsenso. A Piyasiri anatembenuza khutu lawo labwino ngati sanamve, kenako maso awo anapita pa msomali, n'kubwerera pa Imesha, n'kutsika pansi.

4. Masamba a kupepesa

Pa tsiku la chaka chatsopano munthu sakangana, choncho a Lalith anameza mawu awo. Anadyetsa aliyense nthongo yoyamba ya mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati monga mwa mwambo, koma pofika pa alamu awo dzanja linauma, ndipo maso sanakumane.

Atadya inafika nthawi imene ana amatenga mpukutu wa masamba a bulati, aja akuluakulu amatafuna, n'kugwadira makolo kupepesa zolakwa zonse za chaka chathachi. Imesha anagwadira bambo ake, anagwadira mayi ake, ndipo onse anamugwira pamutu n'kumudalitsa. Kenako anafika pa amalume.

Anapereka masambawo ndi manja awiri, n'kugunditsa chipumi pa mapazi awo ong'aluka ndi mchere. Ananena mawu amene mwana aliyense amanena, akuti ngati anawalakwira amukhululukire.

A Piyasiri anaika dzanja pamutu pake, ndipo silinachoke msanga.

"Zonse wanena, mwana wa mlongo wanga?" anafunsa chapansipansi.

"Zonse, amalume."

"Chabwino. Ukule, ukhale ndi moyo wautali."

Anamupatsa kapaketi. Munali magalasi obirira m'madzi, atsopano, a lamba wachikasu, amene Imesha anakhala akuwalirira chaka chonse. Amalumewo anati nyanja ikadzadekha adzapita naye ku matanthwe kuti akaone katsamba kwawo kwenikweni, osati m'thanki la simenti.

Imesha anathokoza, n'kupita kukawaika pansi pa pilo. Sanawayese n'komwe. Anzake atabwera kudzamutenga kuti akakwere katungwe, anati mutu ukumupweteka, ndipo mayi ake anati ndi zokazinga zimene wadya mopitiriza.

5. Ndowa yovindikira

Loweruka m'mawa mkangano umene unagonekedwa dzulo unadzuka. Imesha anali kupala kokonati kukhitchini, ndipo khoma la pakati pa khitchini ndi khonde linali la matabwa.

"Alamu," anayamba a Lalith, "dzulo m'bandakucha ndili pachitsime ndinakuonani mukupita kumsewu ndi ndowa yovindikira. Munali chiyani?"

A Piyasiri anati munali nkhanu za mnzawo wodwala.

"Nkhanu. Tsiku lomwelo titsamba tisanu ndi tiwiri n'kumera mapiko. Alamu, ine si mwana. Zaka zinayi zapitazo munalinso nkhanu m'ndowa, mwaiwala? Ndinakukhululukirani chifukwa cha mlongo wanuyu. Anthu ankandiseka kuti ndasunga mphaka m'nyumba ya nsomba, ine n'kumati munthu amasintha. Pansi pa madzi moyo wanga umakhala m'manja mwanu. Mpweya ukandithera ndimayang'ana inu. Ndiye ndizitsika bwanji ndi munthu amene akundibera kumtunda? Mukanandipempha, ndikanakukanizani? Mwana wasefa mchenga wonse, wapeza tiwiri. Kapena mukufuna kunena kuti mwana wanga ndi wabodza?"

Chopalira kokonati chinaima m'manja mwa Imesha. Nkhanu zija anamanga nawo yekha, chala chake chinali chikadali ndi bala pamene ina inamupana. Akanangotuluka n'kuonetsa chalacho, amalume akanayera. Koma amalume akayera, funso likanabwerera kwa iye.

Sanatuluke.

Kenako a Piyasiri anayankha mofatsa.

"Ayi, alamu. Za mwana sindinena kanthu."

"Ndiye mwavomera."

"Mwanena ndinu."

A Sriyani analowererapo akulira, kuti achimwene anene zoona, kuti bambo a Imesha aleze mtima, kuti chaka sichiyamba chonchi. A Lalith anati sakuthamangitsa munthu, kachipinda kaja akhoza kumagonabe, koma m'boti mwawo a Piyasiri asadzapondemonso, ndipo kiyi wa botilo abweze. Kiyi analira pa tebulo.

Tsiku lonselo a Piyasiri sanadye. Imesha anawaona masana akuzungulira kuseri kwa chisakasa ndi tsache, ngati munthu wosowa chochita, ndipo iye anathawira m'nyumba. Madzulo anawatengera tiyi n'kumuika pakhomo pa kachipinda kawo osagogoda.

Mayi ake anamupeza ataima pamenepo, n'kumukokera kukhitchini. Ankaganiza kuti mwanayo akuwanyansidwa amalume ake.

"Usawayang'ane ndi diso limenelo," anatero a Sriyani. "Amalume akowa anandilera ine bambo athu atamwalira. Anasiya sukulu ali msinkhu wakowu n'kupita ku maboti a ku Kalmunai kuti ine ndiphunzire. Ukudziwa zimene zimachitika kumeneko? Amatsika mozama kumene kuwala sikufika, kasanu pa tsiku, botolo la mpweya likatha n'kutenga lina, kutola nkhono zikuluzikulu za mabwana. Akakwera mofulumira magazi amachita thovu. Ena amatuluka miyendo itafa, ena satuluka. Pa anyamata asanu ndi mmodzi amene anapita nawo, oyenda ndi miyendo yawo atsala awiri. Khutu lija analisiya kumeneko chifukwa cha ine. Ngati alakwa, alakwa, koma iwe uziwapatsa ulemu. Ndipo uphunzirepo: munthu ukaba kamodzi, chilichonse chosowa chimadzakhala chako mpaka imfa."

Imesha analira. Mayi ake anamupukuta misozi n'kumuuza kuti ali ndi mtima wabwino, ndipo mawu amenewo anamupweteka kuposa kumenyedwa.

Anagona atatsimikiza kuti kukacha akauza amalume poyamba, kenako bambo. Anaona ngati usiku umodzi sungasinthe kanthu.

6. Chigoba cha kokonati

Lamulungu m'mawa Imesha anadzutsidwa ndi kulira kwa mayi ake. Chitseko cha kachipinda kaja chinali chotsegula. Mphasa inali itapindidwa, chikwama panalibe, zipsepse zobirira zimene zinkapachikidwa pakhoma panalibenso.

Mayi wogulitsa tiyi pamsewu ndiye anabweretsa uthenga. Anati a Piyasiri akwera basi yoyamba ya kum'mawa, ndipo atawafunsa kuti akupita kuti chikondwerero chisanathe, anayankha kuti ku Kalmunai sakana munthu wodziwa kubira, ngakhale wa khutu limodzi.

A Sriyani anakhala pansi pafumbi. Tsiku la mwambo wodalitsa anthu powadzoza mafuta kumutu linali lisanafike, tsiku labwino lotulukira kuntchito linali Lachitatu, ndipo mlongo wawo anali atachoka wopanda zonsezi, wopanda ngakhale kapu ya tiyi. Mayi wa tiyi uja anawonjezera kuti panali mawu ena amene anamutuma, ngakhale sanawamvetse.

"Anati muuze Imesha kuti sefa ili pomwe paja."

Palibe amene analabadira mawuwa kupatula mwini wake. Imesha analowa m'chisakasa. Sefa inali pa msomali, kachingwe kali ndi mfundo ya amalume, ija anamanga sabata yatha. Munthu amene wasefa ndowa zitatu za mchenga sasiya mfundo ya mnzake ili chimangire. Amalume anaiona Lachisanu lomwe lija, iye asanatseke n'komwe pakamwa.

M'kati mwa sefamo munali chigoba cha kokonati chovindikira ndi tsamba la bulati, limodzi la masamba amene iye anawapatsa atagwada. Atachotsa tsambalo anapeza titsamba tinayi touma, totsukidwa mchenga, titayalidwa bwinobwino mitu kumodzi.

Amalume anali nawo umboni m'manja kuyambira dzulo masana. Akanangouika pa tebulo pafupi ndi kiyi uja, akanagona kwawo. Koma anasankha kukwera basi.

Manyazi amene anamugwira Imesha pamenepo sanali aja amapangitsa munthu kubisala. Ananyamula chigobacho ndi manja awiri n'kutuluka nacho. Bambo ake anali pakhonde, nkhope ili gwa, akuuza mayi ake kuti munthu wosalakwa sathawa.

Imesha anagwada n'kuika chigoba pamapazi awo.

"Bambo, sindinasefe. Ndinali ku katungwe, nthawi inanditha, ndinataya mchenga kuseri ndi fosholo. Tina anadya akhwangwala, ndinawaona. M'ndowa ya amalume munali nkhanu, ndinamanga nawo ndine, bala lake ili. Ndinamva zonse dzulo ndili kukhitchini, koma ndinakhala chete."

A Lalith anayang'ana tinsombato nthawi yaitali. Imesha ankayembekezera mbama, ndipo akanailandira mokondwa. Siinabwere. Bambo ake anatola kamodzi n'kukaika pa chikhato.

"Izi wazipeza kuti?"

"Anandisiyira amalume. Ankadziwa."

A Sriyani anagwira pakamwa. A Lalith anaimirira, n'kukhalanso pansi, n'kuimiriranso.

"Ndinawafunsa ngati mwana wanga ndi wabodza," anatero ndi mawu osasa, osayang'ana aliyense. "Ndinawafunsa ndekha, pakhonde pano."

Anatulutsa foni n'kuimbira alamu awo. Kenako anamva foni ikulira, osati kutali, koma m'kachipinda kaja. Foniyo anawagulira ndi a Lalith chaka chatha, ndipo a Piyasiri anali ataisiya pa mphasa yopindidwa, pamodzi ndi malaya a chaka chatsopano amene alamu awo anawapatsa. Inalira mpaka inaleka yokha.

A Lalith anafunsa akazi awo kuti maboti a kumeneko amayamba liti ntchito chikondwerero chikatha. A Sriyani anati mabwana ake sayembekezera za nyenyezi, amalowetsa anthu m'madzi Lolemba m'mawa.

"Mawa," anatero a Lalith.

Analowa m'nyumba, natuluka atavala malaya, akumanga lamba. Anauza akazi awo kuti titsamba tiwiri totsalato atidyetse masana, lole ikabwera aibweze. Kenako anatembenukira kwa Imesha, amene anali chigwadire.

"Dzuka, kavale nsapato. Basi yachiwiri imadutsa naini koloko. Ine ndili ndi mawu anga oti ndikawauze, koma akowo sindikunenera. Ukawanena wekha, mokweza, ku khutu lawo lakumanja."

Imesha anathamangira m'chipinda. Anavala nsapato, n'kutenga magalasi a lamba wachikasu pansi pa pilo, kuti ngati amalume akakane kumukhululukira akawabwezere. Atatuluka anatola chigoba chija n'kuchivindikiranso ndi tsamba lake.

Ali pamsewu, anafunsa bambo ake kuti ku Kalmunai kuli maboti angati.

"Oposa zana," anayankha a Lalith, maso ali kumene basi imachokera. "Ndipo sitikudziwa kuti akwera liti."